Ndinasankha Galimoto Yakuda

Amayi anzanga, ndi inu abambo ochepa mwakhala kumbuyoko, mundilole ndilankhule chokhala, bondo langali silifuna kuima nthawi yaitali. Ine ndine Esinati, koma kuno ku Chulu mumandiitana kuti mayi a Tadala. Ena mwa inu munandiona masiku aja ndinkanunkha mowa dzuwa lisanakwere. Musaweramitse mitu. Ndinali ine ndithu, simunaone molakwa.

Amuna anga, a Banda, anali ndi esiteti ya fodya kumadzulo kuno, ndi matenanti ochokera kummwera. Zaka zimene makuponi anayamba, anagula malole n'kupeza ntchito yonyamula feteleza kupita naye m'madepoti akumidzi. Mvula ikamayandikira malole ali pamsewu ndi feteleza, fodya akauma ali pamsewu ndi mabelo kupita ku okushoni. Chuma chinalowa m'nyumba mwathu mothamanga, ife tisanachikonzere pokhala.

Chaka china anapita ku Lilongwe kukagula galimoto yoyendera iwo eni. Anakapeza ziwiri zitaimikidwa pamodzi, mutu n'kuwazungulira. Anagona konko masiku angapo, kuyesa iyi, kuyesa iyo, n'kumandiimbira foni.

"Mayi a Tadala, yofiirayi ikalira umaimva m'chifuwa. Koma yakudayi, aa! Ikamathamanga sumva kanthu, ngati ukuyenda pamadzi."

Ndinati, "Nanga msewu wathu uno zidzadutsa?"

Anangoseka. Pomaliza analephera kusankha, anagula zonse.

Sizinali galimoto za anthu a kuno. Zitseko ziwiri, mipando iwiri basi, zotsika moti polowa umachita kuwerama ngati ukulowa m'khola la mbuzi. Ngakhale thumba limodzi la feteleza silikanalowamo. Yofiira inali ya ku Ulaya, ikamabwera amayi a kumjigo ankaimva isanaoneke. Yakuda inali ya ku Japan, magalasi ake akuda bii, ndipo inkafika mwakachetechete, umangodzidzimuka yaima kumbuyo kwako. A Banda ankatuma matenanti kukwirira maenje a mumsewu kuti zidutse. Ankazisunga m'chigafa chakale cha fodya chimene anachimangira makoma ndi zitseko zachitsulo. Anthu anayamba kunong'ona kuti munthuyu anakhwima, ndipo chizimba chake chili m'galimoto yakudayo.

Mwezi wa Okutobala, tsiku lotentha, anachoka m'mawa ndi yakuda kupita ku boma. Sanafike. Dalaivala wa lole yawo ndiye anawapeza chakumadzulo, paja pali mtengo wouma wa muwanga. Galimoto inali itaima bwinobwino pambali pa msewu, yosakalika paliponse, zitseko zokiya, iwo ali pampando, mutu utatsamira galasi. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, mtsempha unaphulika m'mutu, ndipo anandilimbitsa mtima kuti anapita nthawi yomweyo osamva kuwawa. Kumudzi anati mankhwala awatembenukira. Ena anati ndi mkazi.

Titameta, abale awo anaitanitsa msonkhano. Anayala mphasa patsogolo pa chigafa chija n'kutsegula zitseko zonse, galimoto ziwirizo zikutiyang'ana ngati nazonso zaitanidwa. Analankhula ndi alamu anga a Yohane, akulu awo a malemu.

"Alamu, esiteti ndi malole ndi za banja, zimenezo tisakanganepo. Ife si anthu oipa, sitikuthamangitsani. M'nyumbamo khalani mpaka Tadala amalize sukulu. Ndipo pa galimoto ziwirizi, sankhani imodzi ikhale yanu."

Anaika makiyi awiri pamphasa.

Mlongo wawo, a Nabanda, anatembenukira mayi amene anakhala naye pafupi, koma analankhula kuti tonse timve. "Tione. Akatenga yofiira tidziwa chimene ankafuna pa mlongo wanga. Akatenga yakuda tidziwa kuti saiopa poti akudziwa chili m'menemo."

Mwaona msampha wake? Kulikonse kumene ndikanaloza, ndinali mfiti.

Achimwene anga a Lameki anandikodola n'kunong'ona. "Tenga yofiira, ndiyo yodula. Tikagulitsa umanga nyumba kwathu, mwana aphunzira. Usamvere za anthuwa."

Ndinadzuka kukaziona. Yofiira inkanyezimira, m'kati mukununkha chikopa chatsopano, ngati munthu sanakhalemo. A Banda ankaitulutsa pa maukwati ndi pa Khirisimasi basi. Yakuda inali ndi fumbi la tsiku lija, poti chiibwezereni apolisi palibe analimba mtima kuikhudza. Ndinatsegula chitseko. Chipewa chawo chinali pampando. Botolo la madzi lomwa theka. Jekete yawo. Ndiye fungo, amayi, fungo lawo lenileni, la fodya wouma ndi sopo amene ankasamba. M'nyumba monse linali litatha kale fungo limenelo, zovala atagawana. Linatsala umo mokha.

Ndinabwerera pamphasa n'kutola kiyi wa yakuda. A Lameki anagwira kumutu. A Yohane anatola kiyi winayo mofulumira n'kuponya m'thumba.

Patapita masiku, ndili ndekha masana, ndinalowa m'chigafamo, n'kukhala pampando woyendetsera, n'kulowetsa kiyi. Ndinangopotoza pang'ono. Mpando unayamba kuyenda wokha, pang'onopang'ono, kubwerera kumbuyo, mpaka mapazi anga anasiya kufika pansi. Chiwongolero chinakwera. Magalasi oonera kumbuyo anatembenuka okha. Zonse zinadzikonza kuti zikwane munthu wamtali. Kenako mawu a mzimayi analankhula m'galimotomo, motsitsa, mwaulemu, m'chinenero chimene sindinachimvepo, ngati akulandira munthu wochokera kuulendo.

Ndinathawa, nsapato imodzi n'kutsala momwemo. Koma mawa lake ndinabwerera.

Pambuyo pake anthu anandiuza kuti galimoto zotere anazipanga choncho, zimakumbukira kakhalidwe ka mwini wake. Zimenezo sizinandichotse mantha, ndiponso sizinandichotse m'chigafamo. Ndinkati ngati ikuwakumbukira, ndiye yaposa abale awo. Ndinayamba kukhala pampando winawo, kupotoza kiyi, kuonerera mpando wawo ukudzikonza, n'kumawauza mmene tsiku langa layendera.

Tsiku lina ndinalowa ndi botolo la burande limene anasiya m'kabati, n'kuyamba kumwa. Litatha ndinayamba masacheti, timapepala tija ta paokala, tosavuta kubisa m'chitenje. Masacheti atayamba kuchepa mphamvu ndinapeza mayi wotcheza kachasu kuseri kwa dambo. Zinapita mwachangu. Kumjigo ndikafika nkhani zinkatha. Kutchalitchi benchi imene ndakhala inkatsala yanga ndekha, ndiye ndinasiya kubwera. Filiji inapita, masofa anapita, makina osokera amene anandisiyira amayi anga anapita. Galimoto yokha ndinkaigulira petulo pang'ono kuti ndiziliza injini, isafe.

Tadala anali ku sekondale yogonera konko. Atabwera pa holide anandifuna m'nyumba monse, n'kudzandipeza m'chigafa. Anatsegula chitseko cha galimoto.

"Amayi, mukulankhula ndi ndani?"

Ndinati, "Ndi bambo ako. Usasokose, tseka."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutseka monga ndinamuuzira. Tsiku lomwelo analongedza n'kupita kwa amalume ake a Lameki. Sindinamutsatire. Ndinabwerera pa nkhani yanga ndi mpando wopanda munthu, ndipo kuyambira pamenepo nkhaniyo inali imodzi: "Nditengeni, bambo a Tadala. Inu munapita mofatsa. Nditengeni nanenso."

Chaka chinazungulira, kutentha kunabweranso, makuponi anagawidwa, anthu akugona pamzere kudepoti. Tsiku limenelo ndinayamba kumwa m'mawa osadya kanthu. Chakumasana ndinaganiza zopita pamuwanga paja, pamene sindinapondepo chichitikireni maliro. Kuyendetsa ndinkadziwa, ndinaphunzirira pa pikapu ya pa esiteti. Ndinatsegula zitseko zachitsulo, n'kukhala kumphepete kwenikweni kwa mpando wawo kuti zala za kumapazi zifike, n'kutuluka.

Msewu munalibe munthu. Minda inali yogaula kale, mizere yofiira mpaka kumene maso alekezera, mpweya ukuvina pamwamba pake. Galimoto inkayenda osamveka. Nditauona mtengowo patali, sindinaponde buleki. Ndikunena pamaso pa Mulungu, sindinaponde. Timagetsi ta patsogolo panga tinaphethira, injini inazima, galimoto n'kuyenda yokha pang'ono mpaka kukaima pansi pa muwanga. Mawu a mzimayi aja anayamba kulankhula n'kudukira pakati. Kenako zitseko zonse ziwiri zinadzikiya, kho!

Poyamba ndinaseka. Ndinati, "Mwabwera kudzanditenga." Ndinatsamira n'kudikira.

Mtengo wouma ulibe mthunzi. Dzuwa linali paliwombo, galimoto yakuda, magalasi otseka. Posakhalitsa chikopa cha mpando chinayamba kundiwotcha m'ntchafu. Thukuta linatsika mpaka m'maso. Ndinakoka chotsegulira chitseko, chinangobwera chopanda mphamvu. Ndinadina batani la galasi, zii. Ndinapotoza kiyi, zii. Mowa unayamba kuchoka m'mutu, mantha n'kulowa m'malo mwake.

Ndiye ndinaona anthu akubwera kuchokera kudepoti, njinga zolemedwa ndi matumba, ngolo imodzi kumbuyo. Mtima unakhala pansi. Koma atafika poti n'kuiona bwino galimotoyo, wa patsogolo anatsika panjinga n'kuima. Onse anaima. Ganizani inunso: galimoto yomweyo, pamtengo womwewo, mwezi womwewo, dzuwa lomwelo. Ndinawaona akulozerana. Mayi wina anagwada n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Kenako mmodzimmodzi anapatuka mumsewu n'kulowa m'munda, kukankha njinga zawo modumpha mizere, kuzungulira kutali, nkhope atayang'ana kumbali.

Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Galimoto ija anaipanga kuti phokoso lisalowe, ndiye silitulukanso. Magalasi akuda aja, ine ndinkawaona onse bwinobwino, iwo osandiona. Nkhope zina ndinazizindikira. Ena muli pano, ndipo sindikukusungirani kanthu, nanenso ndikanathawa.

Ndinakweza dzanja kuti ndimenye galasi la mbali yanga. Apo ndi pamene ndinaziona.

Chaka chonse ndinkakhala mbali inayo, mumdima wa m'chigafa, ndiye sindinaziwonepo. Koma padzuwa paja zinaoneka. Pagalasi ponse, m'kati, panali zidindo za manja. Manja aakulu kuposa anga, zala zazitali. Zambirimbiri, china pamwamba pa chinzake. Zina zinali pamwamba, zolimba, za munthu womenya ndi mphamvu. Zina m'munsi, zokhwekhwereka, zala zitatsetsereka kutsika.

Ndinaika dzanja langa pa chimodzi. Linalowa lonse, malo n'kutsala.

Amayi anzanga, amuna anga sanapite nthawi yomweyo. Sanapite mofatsa. Anamenya galasi limenelo mpaka mphamvu zinatha, mwina akuona anthu akudutsa monga ndinkawaonera ine, anthu oopa galimoto ya munthu wokhwima. Chaka chathunthu ndinkapempha munthu kuti anditengere kumene ali, pamene iye mwini ankalimbana kuti asapiteko. Ankafuna kutuluka. Ankafuna kubwera kunyumba.

Sindinapemphere pemphero lalitali. Ndinangoti, "Ambuye, sindikufuna kufa." Ndinavula nsapato n'kuyamba kumenya galasi ndi chidendene chake. Kumenya, kupuma, kumenya. Maso anayamba kuchita mdima m'mbali. Lilime linauma ngati chikuni.

Kenako kuwala kunatsekeka, nkhope inagunda pagalasi, manja atatchinga m'mbali kuti aone m'kati. Anali Abiti Saidi, mkazi wa tenanti wathu wina wa ku Machinga. Matenanti sankalembedwa pa makuponi poti sanali a mudzi uno, koma iwo anapitabe kudepoti kukayesa mwayi, ndipo ankabwerera chimanjamanja. Zimene zinanenedwa kunjako anandiuza pambuyo pake. Akuti bambo wa ngolo anakuwa ali patali, "Mayi inu, chokanipo! Muli mzimu umo!"

Iwo anayankha kuti, "Mzimu umamenya ndi nsapato?"

Anatola mwala waukulu. Anandikodola kuti ndisunthire mbali inayo. Galasi linali lolimba, mwala unkangodumpha, koma sanasiye mpaka linachita ming'alu, kenako n'kugumuka lonse. Linawacheka mkono kuyambira pachigongono, chipsera chilipo mpaka lero. Anandigwira m'khwapa n'kundikokera panja ngati mwana wa ng'ombe wobadwa movuta. Anandigoneka pansi, n'kuima pakati pa ine ndi dzuwa atatambasula chitenje chawo, n'kundipatsa madzi a m'kachigubu.

"Pang'onopang'ono, adona. Musagugudize."

Nditatsegula maso bwino anati, "Adona, mukununkha." Anatero basi, osaseka, osakalipa. Kenako anati, "Tsiku ndi tsiku ndimakuonani mukulowa m'chigafa muja, ndimati si zanga, ndine wobwera. Lero ndati ayi."

Magazi awo ankadonthera pa bulauzi yanga. Bambo wa ngolo uja, ataona kuti ndi munthu, anabwera mwamanyazi, n'kutsitsa matumba ake pamsewu, n'kutinyamula tonse awiri kupita kuchipatala chaching'ono.

Tsopano ndikuuzeni za kubwerera, chifukwa kutuluka pawindo sikunali kuchira. Ludzu linanditsatira.

Kuchipatala atandifunsa ngati ndimamwa, pakamwa panayamba kukonza bodza. Abiti Saidi anali pabedi loyandikana akusokedwa mkono, anangondiyang'ana. Ndinanena zoona, zonse, ndi kachasu yemwe. Zinathandiza, chifukwa adokotala anandiuza kuti munthu womwa chotero akasiya mwadzidzidzi ali yekha akhoza kukomoka ngakhale kufa. Anandisunga masiku angapo ndi mankhwala. Ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinaona nyerere zikuyenda pakhoma loyera. Amene mukufuna kusiya, musakadzitsekere m'chipinda. Pitani kuchipatala mukanene.

Kiyi ndinapereka kwa a Lameki ndisanatuluke m'chipatalamo. Anapeza wogula wa ku Lilongwe, anabwera ndi lole kudzainyamula. Sindinapite kukaonerera. Ndinangopempha chipewa chija, jekete ndinati ipite. Pa ndalama za galimotoyo panapezeka malata a kanyumba kanga ndi fizi ya Tadala. M'nyumba ya pa esiteti sindinagonemonso, ndinabwerera kwathu, kumudzi kwa amayi anga, pafupi ndi achimwene.

Ndinazindikira kuti ludzu langa lili ndi nthawi yake. Ena limawagwira madzulo, ine linkandigwira masana dzuwa likafika paliwombo, kunja kukati zii. Ndiye ndinadziikira lamulo lakuti nthawi imeneyo isandipeze ndekha, ndiponso isandipeze ndi njala. Ndinkanyamula lichero la mtedza kupita kwa aliyense amene ali pakhonde, kaya andilandira bwino kaya ayi. Nthawi zambiri ndinkayenda mpaka kwa Abiti Saidi. Iwo ndi Msilamu, mowa sanaulawepo, ndipo sanandilalikirepo ngakhale tsiku limodzi. Ankangosuntha pamkeka kuti ndikhale. Njira yodutsa paokala ndinaisiya, ndinkazungulira kumunda ngakhale kutalike.

Ndinagwa kamodzi, sindikubisirani. Linali tsiku lovundukula chiliza cha a Banda. A Nabanda anadutsa patsogolo panga osandipatsa moni, ndipo pobwerera miyendo inandipititsa yokha kuseri kwa dambo. M'mawa mwake satana anati bisa, palibe waona. Ndinapita kwa a Lameki ndi kwa amayi awiri a mumpingo uno n'kunena kuti dzulo ndamwa. Manyazi ake anali owawa, koma anatha tsiku lomwelo. Ndikanabisa, bwenzi ndikumwabe.

Chovuta kwambiri chinali Tadala. Sanandithamangire ndi kundikumbatira, ayi. Kwa miyezi ankatenga kapu yanga mwakabisira n'kuinunkhiza. Ndinkamuona, n'kumusiya. Anali ndi chifukwa. Tsiku lina ndinamuuza za manja a pagalasi aja, tinalira limodzi, ndipo ndi tsiku limene ananditchulanso kuti amayi mopanda kuumitsa pakamwa.

Chaka chotsatira dzina langa linalembedwa m'mudzi mwathu, ndinalandira kuponi. Ine amene malole athu ankabweretsa fetelezayo, ndinaima pamzere padzuwa ndi anthu omwe aja anazungulira m'munda. Thumba limodzi ndinagawana ndi Abiti Saidi. Chimanga chinabereka.

Yofiira ija mukuidziwa kumene ili. A Yohane anaigunditsa mimba pa kalavati mwezi woyamba, zipangizo zake sizipezeka kuno, yakhala pabwalo pawo mpaka lero matayala ataphwa. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikanapulumuka ndikanatola kiyi winayo. Sindikudziwa. Mwina ndikanangopeza pena pokhalira ndi chisoni changa. Za yakuda sindinafunse kumene inathera. Chimene chinaizimitsa pamtengo paja, ena amati batire, ena amati zina. Ine ndinasiya kufunsa. Koma mpaka lero, masana kukati zii, nthawi zina ndimamva mawu a mzimayi uja akuyamba kulankhula mwaulemu kumbuyo kwa khutu langa. Ndikawamva sindiyankha. Ndimadzuka n'kupita kumene kuli anthu.

Tikatseka ndi pemphero ine sindithamangira kunyumba. Ndikakhala pabenchi ya kuseri kwa tchalitchi, kumene sikudutsa anthu, ndikuswa mtedza. Ngati pano pali wina amene ali ndi kasacheti m'mfundo ya chitenje, kapena ali ndi chigafa chake chimene amalowamo anthu osaona, abwere adzakhale nane. Sindifunsa dzina, sindifunsa kanthu. Mtedza ndabweretsa wambiri, sungathe ndi manja awiri.